Disjuntor ikamagwa pafupipafupi, musaikakamize

Nyumba zambiri ku Ulónguè, Moatize ndi mumzinda wa Tete zinalumikizidwa magetsi muli mababu atatu ndi wailesi basi. Lero muli filiji, ayironi ndi ketulo, koma mawaya ndi akale omwe aja.

Apa m'pamene disjuntor ya mu quadro imayamba kugwa. Sikuti yawonongeka ayi, ikuteteza waya kuti asatenthe. Pa magetsi a 220 volts, disjuntor ya 16 amperes imanyamula mawati pafupifupi 3500. Ketulo yokha imatha kudya 2000. Mukawonjezera ayironi ndi mbaula yamagetsi pa extensão imodzi, mwapyola kale.

Ena amangoichotsa n'kuikapo yaikulu. Kumeneko n'kudziitanira moto, chifukwa tsopano waya ndiye amasungunuka m'khoma kapena kudenga, komwe simukuona. Waya wa 1,5 mm² ndi wa mababu. Matomada amafuna wa 2,5 mm².

Mvula isanayambe, itanani eletricista wodziwa ntchito aone waya wa terra, aikenso disjuntor diferencial ya 30 mA, yomwe imadula magetsi msanga munthu akagwidwa shoko. Mita ya Credelec musaitsegule, imeneyo ndi ya EDM. Mawaya a m'nyumba ndiwo udindo wanu eni nyumba.