Keke ya Palamya ndi Msewu wa kwa Jenala

Nandolo ndi mpendadzuwa zikagulitsidwa, ndalama nkuyamba kuoneka m'matumba, mabanja a m'dera la Mfumu Yaikulu Jenala m'boma la Phalombe amakhala pansi ndi ankhoswe kuwerengera zofunika pa chikwati. Pa mndandanda wa mpunga, mbuzi ndi zovala, masiku ano sipalephera kukhala keke. Chachilendo nchakuti ena amaisankha asanaione ndi maso. Amaona chithunzi chake pa WhatsApp kapena pa Facebook, natumiza ndalama kwa wophika wa ku Zomba kapena ku Limbe, ndipo chotsala nkudikira kuti ifike pakhomo.

Malonda otere sakanatheka zaka zapitazo. Anayamba kutheka pamene kutumiza ndalama palamya kunafika m'dziko muno, Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013. Tsopano uthenga ndi ndalama zimafika mumzinda m'kamphindi. Koma keke siiyenda m'mphepo ngati uthenga. Iyenera kukwera minibasi, kutsika pamsewu waukulu wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka Chitakale, kenaka kunyamulidwa pa kabaza m'misewu yafumbi ndi yokumbika. Kumudzi nyumba zilibe manambala, choncho wobweretsayo amalondoleredwa ndi mjigo, mtengo wa mango kapena tchalitchi.

Pa ulendo wotere mpamene kusiyana kwa makeke kumaonekera. Keke yosanjikiza, imene zigawo zake zimamatidwa ndi kirimu wa majarini ndi shuga, ndi yokongola pa chithunzi koma ndi yofooka panjira. M'chigwa cha Phalombe, dzuwa la mu Okutobala limasungunula kirimuyo msanga, ndipo njinga ikagwa m'dzenje limodzi lokha zigawo zimaterereka, maluwa opakidwa pamwamba nkusanduka phala. M'dzinja vuto limasintha nkhope, pakuti mitsinje imadzaza. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakokolola milatho m'bomali, madera ena nkukhala osafikika kwa masiku ambiri.

Keke ya zipatso ili ndi mbiri ina. Inabwera kuno ndi Angerezi, amene amaidya pa Khirisimasi ndi pa maukwati. Pa ukwati wa Mfumukazi Victoria mu 1840 panali keke ya mtundu umenewu, ndipo zidutswa zake zina zikusungidwabe mpaka lero. Chinsinsi chake si mankhwala ayi. M'kati mwake mumadzaza mphesa zouma ndi shuga wambiri, zimene zimagwira madzi onse kotero kuti nkhungu imasowa pomera. Nchifukwa chake ku England kunali mwambo wosunga chigawo chapamwamba kufikira tsiku la ubatizo wa mwana woyamba. Keke yotere ndi yolemera ndi yolimba, ndipo imapirira kutentha ndi mabampu. Choipa chake nchimodzi: mphesa zoumazo zimachokera kunja, motero mtengo wake ndi wokwera.

Kunena zoona, keke iliyonse yakwera mtengo. Shuga ndi wa konkuno, wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, koma tirigu wambiri amagulidwa kunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 tirigu anakwera pa dziko lonse, ndipo mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Banja limene latumiza ndalama ya keke latumiza thukuta la munda wathunthu. Komanso keke ya paukwati si yongodya chabe. Akwati akadyetsana nkugwadira makolo ndi zidutswa zoyamba, zotsalazo zimagulitsidwa kwa anthu pa perekaniperekani, ndipo ndalamazo nzoyambira banja latsopano. Keke ikafika yophwanyika, kapena ikapanda kufika, manyazi ndi kuluza zimadzera limodzi.

Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chithunzi cha palamya ndi fodya wapachala, pakuti aliyense angathe kutenga chithunzi cha keke ya mnzake nkunena kuti waphika yekha. Wogula wanzeru amayamba wafunsa munthu amene anadyapo keke ya wophikayo. Amalipira theka lokha, nasunga uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita. Amagwirizana poyera za tsiku, za wolipira mayendedwe, ndi za amene adzasenze mlandu keke ikaonongeka panjira. Amapemphanso kuti zigawo zibwere m'makatoni osiyana, zidzasanjikizidwe pamalo a chikwati.

Komabe pali phunziro lalikulu kuposa malangizo amenewa, makamaka kwa anyamata ndi atsikana amene alemba mayeso a MSCE ndipo ali pakhomo. Mtunda umene ukuvutitsa wophika wa mumzinda ndiwo mwayi wa wophika wa pafupi. Luso lophika si lachilendo kwa Jenala. Amayi akhala akuphika chigumu ndi chikondamoyo mumphika, makala pansi makala pamwamba, kuyambira kale magetsi asanamveke nkomwe. Moto womwewo, ukagwiritsidwa ntchito mosamala ndi mchenga pansi pa chitini kuti keke isapserere, umatha kupsereza bwino keke ya tirigu. Chofunika kuwonjezera ndi muyeso wosasintha, ukhondo, ndi kusunga lonjezo. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo zophikaphika ndi imodzi mwa ntchitozo.

Aphunzitsi nawo ali ndi gawo lawo. Kuwerengera mtengo wa ufa, mazira, makala ndi kabaza, kufikira phindu lioneke, ndi masamu enieni oyenera kulembedwa pabolodi. Kulemba uthenga waulemu ndi womveka kwa wogula ndi phunziro la Chichewa. Wophunzira amene wadziwa ziwirizi, ali ndi lamya ndi mbaula, angathe kulandira maoda a midzi yozungulira, ndipo keke yake idzayenda mtunda waufupi, m'mawa dzuwa lisanakwere, nkufika pakhomo ili chiimire.