Galu akamakhwekhwereza matako pansi, mlimi asangoseka

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Mwambiwu timaunena pa nkhani za anthu, koma lero ndikufuna tiumve monga momwe uliri. Galu amene akulephera kukhazikika, akugona n'kudzukanso, akudziluma patsinde pa mchira, kapena akukhala pansi n'kumakhwekhwereza matako padothi, sikuti akusewera ayi. Chilipo chimene chikumusautsa, ndipo nthawi zina chimenecho chimakathera m'khola la mbuzi kapena m'thupi la mwana wanu.

Ntchito yanga ndi ya mbewu ndi nthaka, koma poyendera achikumbi ndaona kuti galu ndi wantchito pamunda monganso ng'ombe yapangolo. Ndiye amalondera nkhokwe usiku, kupirikitsa anyani m'chimanga ndi kuuwa fisi akayandikira khola. Malipiro ake ndi mkute wa nsima basi. Tsono akadwala tiyenera kudziwa poyambira.

Njoka za m'mimba

Choyamba kuchiganizira ndi njoka za m'mimba, makamaka zija zaphanthiphanthi zonga lamba. Njokazi zimaduka timapande tomwe timatuluka ndi chimbudzi, ndipo tina timakwawa tokha potulukira chimbudzipo n'kumamunyerenyetsa galu. Yang'anani pansi pa mchira ndi pamalo pomwe amagona. Mukaona tinthu toyera tonga mpunga, dziwani kuti ndi zomwezo.

Mtundu wina wa njokazi, wotchedwa Dipylidium caninum, galu amautenga akameza nthata podziluma. N'chifukwa chake kumwetsa mankhwala a njoka osapha nthata kuli ngati kupalira munda n'kusiya mizu ya udzu. Mwana wokwawa naye akameza nthata yotere angathe kutenga njokazi.

Koma mitundu imene iyenera kumudetsa nkhawa mlimi ndi ija galu amaitenga podya nyama yaiwisi. Pamisika yathu pomwe amapha mbuzi za kanyenya, sizachilendo kuona wopha mbuzi akudula timatumba tamadzi pachiwindi, pamapapo kapena pamafuta a m'mimba n'kuponyera agalu. Timatumba timeneti ndi ana a njoka. Galu akadya, njoka zimakulira m'matumbo mwake, mazira amatuluka ndi chimbudzi n'kugwera pamsipu, mbuzi zina n'kudya. Mtundu wotchedwa Taenia multiceps umakapanga thumba lamadzi muubongo wa nkhosa kapena mbuzi, ndipo chiwetocho chimayamba kuyenda mozungulirazungulira mpaka kufa. Wina, Echinococcus, umapanga matumba otere m'chiwindi ndi m'mapapo a munthu amene, ndipo kuwachotsa kwake nthawi zambiri n'kwa opaleshoni. Choncho nyama yamatumba otere, komanso mutu wa mbuzi yomwe inkazungulira, ziotchedwe kapena kukwiriridwa mozama.

Pogula mankhwala muziwerenga dzina. Piperazine amapha njoka zobulungira zokha, zaphanthiphanthi saziphula kanthu. Opha zimenezi ndi praziquantel, ndipo muyeso wake umatsata kulemera kwa galu, choncho a vetenale ndiwo akuuzeni. Galu wamkulu amwe mankhwala a njoka miyezi 3 iliyonse. Tiana tiyambe tili ndi masabata 2, n'kumabwereza pakatha masabata 2 aliwonse kufikira titakwanitsa miyezi 3.

Timatumba tafungo

Ambiri sadziwa kuti galu ali ndi timatumba tiwiri pansi pa khungu, kena kumanzere kena kumanja kwa potulukira chimbudzi. Timasunga madzi onunkha kwambiri, ndipo fungo limeneli ndi lomwe agalu amanunkhizana akakumana. Chimbudzi chikakhala cholimba bwino chimafinya timatumbati potuluka. Galu akatsegula m'mimba masiku angapo, madziwo satuluka, amalimba, ndipo thumba limatupa. Apa galu amakhwekhwereza matako, kudzinyambita kosalekeza, ndi kulira pochita chimbudzi. Mukalekerera pamatuluka chithupsa chomwe chimaphulika mafinya ndi magazi.

A vetenale amafinya timatumbati mosavuta ndi kupereka mankhwala ngati pali mafinya. Musayese nokha pamalo potupa, chifukwa galu womva ululu amaluma ndi mbuye wake yemwe. Chilonda chikaphulika chitsukeni ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono, ndipo muchiteteze ku ntchentche, pakuti nyengo ya dzinja mphutsi sizichedwa kulowa.

Nthata, nkhupakupa ndi mafupa

Nthata zimakonda kumsana chakumchira, ndipo agalu ena malovu a nthata amawawenga kotero kuti amadziluma mpaka ubweya kusosoka. Zomwe mumaziona pathupi la galu ndi zochepa chabe. Mazira ndi timphutsi take zili m'fumbi ndi m'chiguduli chomwe amagonera. Sesani malowo, chigudulicho muchichape ndi madzi otentha kapena kuchiotcha. Nkhupakupa nazo zimabisala pansi pa mchira ndi m'makutu.

Apa ndichenjeze. Mankhwala opopera thonje kapena fodya, othira m'chimanga chosunga, ndi oilo wakutha wa galimoto si mankhwala a galu. Galu amadzinyambita, ndiye poizoniyo amalowa m'thupi. Chimodzimodzinso Brufen wa anthu amaononga chifu ndi impso za galu. Gwiritsani ntchito mankhwala olembedwa kuti ndi a agalu, pamuyeso wake.

Kudzimbidwa nakonso kumamusowetsa galu mtendere. Mafupa ambiri, makamaka ophika, amauma m'matumbo ngati njerwa, ndipo tizidutswa takuthwa timacheka potuluka. Chitsononkho cha chimanga chingathe kutseka matumbo. Galu akatha masiku 2 akungodzikakamiza osatulutsa kanthu, makamaka ngati akusanza ndi kukana chakudya, mupite naye kwa a vetenale tsiku lomwelo.

Za kumalo obisika

Mbewa yamanyazi inafera kuuna, choncho ndinene izinso. Pali chotupa chomwe agalu amapatsirana pokwerana. Chimamera kumaliseche a wamkazi ndi wamphongo yemwe, chimaoneka chofiira, chamanyamanya, ndipo chimadontha magazi. N'chofala pakati pa agalu oyendayenda. Munthu sichimugwira, ndipo chimachizika ndi jakisoni wa vincristine wobaya kamodzi pa sabata kwa masabata angapo. Kufula galu kumachepetsa kuyendayenda komwe kumabweretsa vutoli.

Galu wamkazi amakhala ndi bere masiku ngati 63, ndipo akayandikira kuswa amasowa mtendere, kukumba pansi ndi kudziyang'ana kumbuyo. Zimenezo n'zachibadwa. Koma akadzikakamiza mwamphamvu kwa ola lathunthu mwana osatuluka, akufunika thandizo msanga. Winanso wofunika kumuthamangira ndi amene akutuluka mafinya patapita masabata angapo chichokereni pa nyengo yokweredwa, uku akumwa madzi kwambiri. Ameneyo chiberekero chaola, ndipo kuchedwa ndi imfa.

Pamene simuyenera kumugwira

Zonse ndanenazi zimafuna kuti mukweze mchira ndi kuyang'ana. Pali nthawi imodzi yomwe simuyenera kutero. Galu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, wofatsa kuyamba ukali kapena waukali kuyamba kufatsa modabwitsa, mawu ouwira kusintha, dovu kumangotuluka, kuluma mitengo ndi miyala, miyendo yakumbuyo kumagwa ngati yazizira, ganizirani za chiwewe. Musapise dzanja m'kamwa mwake poganiza kuti watsamwa fupa. Chotsani ana, mutsekereni ngati n'kotheka popanda kumukhudza, ndipo dziwitsani a vetenale ndi amfumu.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zikayamba kuoneka pamunthu palibenso mankhwala. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira katemera, ngakhale bala likhale laling'ono. Galu wolumayo, ngati akuoneka wabwinobwino, amangidwe ndi kuonedwa masiku 10.

Matendawa ndi opeweka. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa katemera, chiwewe chimasowa podutsa. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Tsono uthenga wa katemera ukamveka kwanuko, tengani agalu onse a pakhomo, osati wokondedwa yekha.

Sabata ino, popatsa galu chakudya, khalani naye kamphindi. Onani mayendedwe ake, chimbudzi chake ndi pansi pa mchira, kenaka musambe m'manja ndi sopo. Mukapeza chachilendo, kafotokozereni mlangizi wa ziweto wa kudera lanu, ndipo mumuuzenso zomwe galuyo wakhala akudya, tsiku lomwe vutolo linayamba, ndi chaka chomwe anabayidwa katemera komaliza.