Chikhalidwe cha Pantchito kwa Antchito Amene Sakumana Maso ndi Maso

Munthu akalembedwa ntchito pa ofesi, zambiri zimene amaphunzira m'masiku oyamba palibe amene amachita kumuuza. Amadzionera yekha nthawi imene anzake amafika, mmene amalankhulira ndi bwana, munthu amene angamufunse zinthu zikamuvuta, ndiponso zimene zimamuchitikira yemwe walakwitsa. Zonsezi ndizo timazitcha chikhalidwe cha pantchito, ndipo nthawi zambiri chimafala pa tiyi wam'mawa kapena pocheza m'khonde. Koma masiku ano alipo makampani opanga mapulogalamu a kompyuta amene antchito awo sakumana, aliyense amagwira ntchito ali kwawo kudzera pa intaneti. Kodi anthu amene sadagwiranepo chanza angakhale bwanji ndi chikhalidwe chimodzi?

Kampani ya GitLab ingatithandize kumvetsa nkhaniyi. Pulogalamu yake, imene akatswiri amasungiramo ndi kukonzeramo limodzi mapulogalamu amene akupanga, adayiyamba ndi Dmitriy Zaporozhets wa ku Ukraine m'chaka cha 2011, ndipo pambuyo pake Sid Sijbrandij wa ku Netherlands adagwirizana naye. Pamene kampaniyi inkayamba kugulitsa masheya pa msika wa Nasdaq mu Okutobala 2021, idali ndi antchito oposa 1,300 m'maiko oposa 60, koma idalibe ofesi yoti antchitowo azisonkhanamo.

Usiku wa pa 31 Januwale 2017 kampaniyi idakumana ndi tsoka lalikulu. Katswiri wina, atatopa ndi ntchito ya tsiku lonse, ankafuna kufufuta zinthu pa kompyuta yothandizira, koma adafufuta pa kompyuta yaikulu imene inkasunga zinthu za makasitomala. Adazindikira patangopita kamphindi, koma zinthu zokwana pafupifupi magigabaiti 300 zidali zitapita kale. Atathamangira ku njira zisanu zimene ankadalira kuti zimasunga makope, adapeza kuti palibe imene ikanawapulumutsa monga ankayembekezera. Chidawaombola ndi kope limene lidatengedwa maola 6 ngoziyo isanachitike, ndipo webusaiti yawo idatsekeka kwa maola pafupifupi 18.

Zimene adachita pambuyo pake ndizo zikutiphunzitsa kanthu. Sadabise. Adatsegula chikalata pa intaneti mmene ankalemba zonse zimene zinkachitika, ndipo ntchito yokonzayo adayionetsa pa YouTube, anthu zikwizikwi akuonerera. Lipoti limene adatulutsa patapita masiku ochepa silidatchule dzina la wolakwitsayo, ndipo sadamuchotse ntchito. Lidafufuza chifukwa chimene kulakwitsa kwa munthu mmodzi wotopa kudatha kuononga zinthu zochuluka chotero, ndiponso chifukwa chimene padalibe munthu woyesa makope aja kuti aone ngati akugwira ntchito.

Khalidwe lotere n'lofunika kwambiri kwa antchito otalikirana. Pa ofesi, munthu akalakwitsa nkhope yake imamuulula, ndipo anzake amabwera msanga kudzathandiza. Koma amene ali yekha m'chipinda chake palibe womuona. Ngati amaopa chilango, adzachedwa kuulula, ndipo vuto limene likanakonzeka m'mphindi zochepa lidzakula usiku wonse. Choncho kampani yopanda ofesi imadalira kwambiri kuti antchito ake azinena zoona mwachangu, ndipo iwo amatero pokhapokha ataona ndi maso awo kuti woulula sanyozedwa.

Chinthu chachiwiri ndi kulemba. GitLab ili ndi buku la malangizo limene aliyense angaliwerenge pa intaneti, ndipo litati lisindikizidwe lingapitirire masamba 2,000. Lamulo lawo n'lakuti chinthu chikasintha, chiyambe chalembedwa m'bukumo, kenaka chilengezedwe. Misonkhano imakhala ndi mfundo zolembedweratu, ndipo zokambirana zimalembedwa kuti amene sadakhalepo aziwerenge. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pamene wa ku Amsterdam akuweruka 5 koloko madzulo, kwa mnzake wa ku San Francisco nthawi ili 8 koloko m'mawa, ndipo wa ku Sydney ali mtulo. Mfundo ikamangidwa pakamwa pokha, ogona aja amasanduka alendo pa kampani yawo yomwe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, komatu wantchito watsopano amene alibe womufunsa pafupi amafunika malo oti akapeze yankho popanda kudikira kuti kwa mnzake kuche.

Kulemba kumasinthanso mmene bwana amayezera ntchito. Popeza sangaone amene wafika msanga kapena amene watsala mpaka usiku, amakakamizika kuyang'ana zimene munthu wachitadi. Alipo mabwana ena amene amalephera kupirira zimenezi, ndipo amaika mapulogalamu owerengera nthawi imene wantchito wagwira kompyuta. Antchito otere amaphunzira kuoneka otanganidwa, ndipo kukhulupirirana kumene tanena kuja kumatha.

Tisaganize kuti kulemba kumathetsa mavuto onse. M'chaka cha 2021 magazini ya zasayansi ya Nature Human Behaviour idasindikiza kafukufuku wokhudza antchito a Microsoft oposa 60,000 a ku United States, amene adayamba kugwirira ntchito kunyumba chifukwa cha mliri wa Covid-19 mu 2020. Ofufuzawo adapeza kuti anthu ankalumikizana kwambiri ndi a m'gulu lawo lomwe, koma kulumikizana ndi a m'magulu ena kudachepa. Izi n'zodetsa nkhawa, chifukwa nzeru zatsopano kawirikawiri zimachokera kwa munthu amene sugwira naye ntchito tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake GitLab imalimbikitsa antchito ake, makamaka atsopano, kupatula mphindi zocheza pa vidiyo ndi anzawo amene sawadziwa, osakamba za ntchito. Kampaniyi yakhalanso ikusonkhanitsa antchito ake malo amodzi, monga idachitira ku Cape Town mu 2018. Macheza amene pa ofesi amangochitika okha, kuno amachita kuwakonzera nthawi ndi ndalama.

Vuto lina ndi kupuma. Ofesi ikakhala m'nyumba mwako, palibe chitseko chimene umatseka poweruka, ndipo uthenga wa bwana umakupeza uli pa mphasa ndi ana. Tisaiwale kuti katswiri wa GitLab uja adalakwitsa usiku ali wotopa. Dziko la France lidaona vutoli, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2017 lamulo lake limafuna kuti makampani a antchito 50 kapena kuposerapo azikambirana nawo za ufulu wosayankha mauthenga a ntchito nthawi yoweruka ikakwana. Kumene lamulo lotere kulibe, chitsanzo cha bwana ndicho chimakhala lamulo. Iye akamalemba pakati pa usiku n'kumayembekezera yankho pompopompo, onse amaleka kugona.

Si makampani onse amene akhutira ndi njira imeneyi. Yahoo idaitanitsa antchito ake kuti abwerere ku ofesi mu 2013, ndipo Amazon idalamula kuti kuyambira Januwale 2025 antchito a m'maofesi ake azifika masiku asanu pa sabata, ponena kuti chikhalidwe cha kampani chimalimba anthu akakhala pamodzi. Mkanganowu ukupitirirabe.

Achinyamata athu ena amene adaphunzira za makompyuta akupeza ntchito zotere ali konkuno. Asanavomere, ndi bwino kuti afunse zoposa malipiro. Afunse ngati malangizo a kampaniyo adalembedwa poti angawawerenge, ngati adzapatsidwa munthu wowatsogolera m'miyezi yoyamba, ngati adzafunika kuyankha mauthenga usiku, komanso zimene zidamuchitikira munthu womaliza amene adalakwitsa chinthu chachikulu. Mayankho a mafunso anayiwa adzawauza mtundu wa anthu amene akukagwira nawo ntchito.