Kodi Galimoto ya "Special Edition" Imasiyana Bwanji ndi Zinzake?

Magalimoto ambiri amene timawaona m'misewu ya Lusaka ndi Chipata anagwirapo kale nchito ku Japan, ndipo amalowa m'dziko muno kudzera pa Nakonde kapena pa Chirundu. Kumbuyo kwa ena kumakhala mau onyezimira akuti "Limited" kapena "Special Edition". Wogulitsa akangoloza mauwo, mtengo nawo umakwera. Tisanatulutse ndalama zimene banja lakhala likusunga kwa zaka zambiri, nkoyenera kudziwa cimene tikulipirira.

Fakitale ikapanga mtundu umodzi wa galimoto, imaugawa m'magulu: lotsika mtengo la mipando ya nsalu, lapakati, ndi lodula lokhala ndi zokometsera zambiri. Magulu amenewa amagulitsidwa caka ndi caka kwa aliyense wofuna. Galimoto yapadera yeniyeni imadziwika ndi zinthu zitatu.

Coyamba ndi kucepa kwake. Kampani imalengeza ciwerengero kapena nyengo yake, ndipo zikakwana imaleka kupanga. M'caka ca 2009, Volkswagen posiya kupanga Citi Golf ku Uitenhage, ku South Africa, inatulutsa magalimoto otsiriza 1,000 okha, iliyonse ndi nambala yakeyake.

Caciwiri ndi cifukwa cake. Kawirikawiri pamakhala cikumbutso kapena kutsazika. Toyota inatulutsa Hilux Legend 50 m'caka ca 2019 pokondwerera zaka 50 za Hilux ku South Africa. Ku Puebla, ku Mexico, Beetle yakale ija inatsazikidwa m'caka ca 2003 ndi magalimoto 3,000 ochedwa Última Edición.

Cacitatu ndi zimene fakitale yeniyeniyo yaikamo, zosapezeka pamodzi m'magulu ena aja. Beetle yotsazikirayo inali ndi matayala a mzere woyera m'mbali ndi zitsulo zonyezimira, ndipo yambiri inapakidwa penti wobiriwira ngati thambo kapena wotuwira. Tizindikire kuti zoonjezera zotere nthawi zambiri zimakhala za maonekedwe cabe: penti, mipando, mawilo ndi wailesi. Injini ndi mabuleki zimakhala zomwe zija za galimoto wamba.

Tsono apa ndi pofunika kucenjera. Mau akuti "Limited" paokha satsimikiza kuti galimotoyo njosowa. Jeep Grand Cherokee Limited, mwacitsanzo, ndi gulu wamba limene lagulitsidwa zaka zambirimbiri popanda malire a ciwerengero. Makampani amathanso kukometsera mtundu umene wayamba kukalamba, n'kuupatsa dzina lokopa, kuti magalimoto otsala athe msanga watsopano asanafike. Ndiponso cikwangwani ca kumbuyo munthu angacigule pa sitolo ya masipeyala n'kucimata yekha.

Nanga ticite ciani? Tifunse wogulitsa kuti anapangidwa angati, caka citi, ndipo cifukwa ninji. Titenge nambala ya chassis tiiyerekeze ndi mapepala a galimotoyo, popeza imathandiza kufufuza gulu limene inaturukira ku fakitale. Tifunsenso makanika ngati nyale, mabampa ndi mawilo ake amapezeka kuno, cifukwa cinthu cosowa cikathyoka, kucipeza nkobvuta ndipo nkodula.

Makolo anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto ya banja nchito yake ndi kutengera ana kusukulu, odwala kucipatala ndi cimanga kucigayo. Ngati umboni wa kupambana kwake palibe, tilipire mtengo wa injini ndi thupi lake, osati wa zilembo.