Laputopu pa tebulo la tiyi ku Lufita

Mphwanga anandionetsa chithunzi pa foni yake. Mzungu wavala kabudula, mapazi ali mumchenga, laputopu ili pamiyendo, kapu ya khofi pambali, ndipo pansi pake analembapo kuti munthuyo ali pantchito. "Achimwene, si ntchito yanu yomweyi? Nanga inu bwanji simuoneka chonchi?" Tinali pa benchi la m'tiyirumu ina ku Lufita, kufupi ndi boma la Chitipa, mwezi wa June. Ine ndinali nditavala majuzi awiri, ndikupemerera mpweya m'manja kuti zala zimve kutentha ndiyambe kulemba.

Ntchito yanga ndi yomasulira ndi kukonza zolemba za anthu amene ambiri mwa iwo sindinawaonepo maso ndi maso. Amanditumizira pa intaneti, ndimabweza pa intaneti. Choncho mphwangayo sanalakwe: ine ndi munthu wa pachithunzi uja tili m'khola limodzi. Chithunzicho si chabodzanso ayi. Ku Canggu pachilumba cha Bali ndi ku Chiang Mai m'dziko la Thailand kuli misewu yodzaza ndi malo omwera khofi omwe tebulo lililonse lili ndi soketi yake, ndipo alendo amakhalamo tsiku lonse ali chete, aliyense maso pa kompyuta. Covid-19 itatseka maofesi mu 2020, mayiko monga Estonia, Barbados ndi Mauritius anayamba kupereka zilolezo zapadera kwa anthu ofuna kudzakhala kumeneko uku akugwirira ntchito makampani akwawo, ndipo Namibia inatsatira mu 2022. Chimene chithunzi sichionetsa ndi thumba la mwiniwake. Iye amalandira madola kapena mayuro n'kukadyera kumene zinthu ndi zotchipa kwa iye. Ifeyo ndife eni dera lotchipalo. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, wolandira madola anadzuka ali wolemera kuposa dzulo lake, pamene ife a malipiro a kwacha tinapeza kuti chaja yomweija yakwera mtengo tili mtulo.

Za kutentha ndi mchenga, tingosekako. Anthu akunja akamva za dziko lotentha amaganiza za nyanja ndi migwalangwa, ndipo akatsikira ku Karonga, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa phula, angazipezedi. Koma Chitipa ili pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. June ndi July kuno munthu sukhala pa khonde ndi kabudula. Chisanu chikapita kumabwera mphepo ndi fumbi, ndipo fumbi ndi mdani wa laputopu kuposa mbava: limalowa m'timabowo ta mpweya, makina n'kuyamba kulira ngati chigayo chakutali. Yanga ndimaikulunga m'chitenje ndisanaiike m'chikwama. Zogwirira ntchito panja padzuwa ndinayesapo kamodzi. Pagalasi ndinkangoona nkhope yanga.

Khofi ndiye amandiseketsa kwambiri. Boma lathu lomweli, ku mapiri a Misuku, alimi amalima khofi wa arabica amene amadutsa ku Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union n'kukafika kunja kwa dziko. Ku Mzuzu kuli Coffee Den komwe munthu angakhale pansi n'kumwa khofi ameneyu wofululidwa bwino. Koma pitani m'tiyirumu ya ku Lufita mukaitanitse, adzakuyang'anani kaye. Kuno timamwa tiyi wamkaka, wotentha moti kapu suigwira, ndi sikono kapena mandasi. Mlimi wokolola khofi nayenso akatsika kudzagula mchere ndi sopo amamwa tiyi yemweyo. Ine sindidandaula, tiyi amachotsa chisanu, ndipo mtengo wake sundithamangitsa pa benchi.

Chimene ndimafufuza ndikalowa pamalo ndi khoma. Maso amayamba ayendayenda kufuna soketi, kenaka ndimayang'ana foni kuti netiweki ikukoka bwanji pakona imeneyo, pomaliza ndiye ndimafunsa za tiyi. Soketi imakhala imodzi, kuseri kwa kauntala, ndipo imakhala kale ndi mafoni asanu a anthu ena olumikizidwa pa chingwe chimodzi. Magetsi akathima onse timakhala ofanana. Amene anali m'dziko muno mu 2022 akukumbukira mmene zinalili namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January chaka chimenecho, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi mpaka chaka chotsatira. Kapichira ali ku Chikwawa, kumapeto ena a dziko, koma mdima wake unagawidwa kwa tonse. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kukonda malo okhala ndi sola padenga ndi batire pansi pa tebulo kuposa malo okongola.

Wi-Fi ya ulere, imene pachithunzi paja imatengedwa ngati madzi akumwa, kuno munthu amabwera nayo yekha m'thumba. Ndimagula bandulo, foni n'kuigawira laputopu. Ndili ndi malayini awiri, ya Airtel ndi ya TNM, monga amachitira wina aliyense amene ntchito yake singadikire. Kulemba ndi kutumiza zolemba sikudya zambiri. Chimene chimamaliza bandulo ndi misonkhano ya pa vidiyo, n'chifukwa chake ndimazimitsa kamera n'kungosiya mawu. Anzanga a kutali amaganiza kuti ndine wamanyazi. Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndipo ndi yankho lenileni kwa malo akutali ngati kuno, koma mtengo wa zipangizo zake ndi malipiro a mwezi ndi mwezi si wa munthu wogulitsa tiyi ndi masikono.

Palinso msampha wina umene anthu a m'malire okha ndi amene amaudziwa. Tsiku lina ndinapita kukaona abale kufupi ndi malire a Tanzania, foni inakoka netiweki ya tsidya lija n'kudzisinthira yokha nthawi. Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Ndinathamanga thukuta lili kamukamu kuti ndachedwa msonkhano, n'kukapeza kuti ndafika ndekha, kutatsala ola lathunthu kuti msonkhanowo uyambe. Bandulo inapita ndikudikira.

Tsopano nkhani ya mwini malo, imene olemba za moyo umenewu saikonda. Tebulo limene ndakhalapo ndi munda wa munthu. Sabata yanga yoyamba m'tiyirumu ija, mayi ake anandilekerera masiku atatu. Lachinayi anabwera ndi nsanza yopukutira, napukuta mozungulira laputopu pang'onopang'ono, n'kunena osandiyang'ana: "Mwananga, kapu imodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu? Anthu anayi akanamwa apa n'kupita." Ndinachita manyazi, chifukwa ankanena zoona. Tinapangana. Ndimalipira ya chaja monga amalipirira a mafoni, kuwonjezapo pang'ono poti laputopu imadya moto wambiri. Nkhomaliro ndimadya pomwepo. Anthu akachuluka ndimanyamula katundu wanga n'kusunthira pa mpando wa kukona. Kuchokera tsiku limenelo amandisungira malo, ndipo ana akamachita phokoso ndili pa msonkhano amawathamangitsa okha: "Chokani apo, abambo anu ali mu ofesi!"

Bata lenilenilo ndiye kulibe. Njinga zamoto za kabaza, wailesi ya okonza mafoni, mbuzi yomangidwa pa mtengo, zonse zimalowa mu msonkhano. Ndiye pali moni. Munthu wamkulu akalowa n'kunena kuti "Mwaghona," sungaloze m'makutu kuti muli timawaya. Umavula, umayankha, umafunsa za kunyumba, ndipo akakhala wa chinansi umamva kaye za amene akudwala. Poyamba ndinkaona ngati nthawi ikutayika. Panopa ndimangoiwerengera pa ntchito ya tsikulo, monga wa ku Lilongwe amawerengera nthawi ya pa mzere wa minibasi.

Kunyumba n'kovutirapo, ndipo n'chifukwa chenicheni chimene ndimathawira ku tiyirumu. Kwa mayi anga, munthu amene ali pakhomo ndi munthu amene alipo. "Poti uli pompano, tapita nacho chimangachi kuchigayo." Kuwauza kuti munthu wa ku London akudikira zolemba pofika 4 koloko sikumveka, pakuti munthu wa ku Londonyo sakuoneka, koma thumba la chimanga likuoneka. Ndikanyamula chikwama m'mawa n'kutuluka pachipata, aliyense amavomereza kuti ndapita kuntchito, ngakhale ndikukakhala mamita mazana angapo okha kuchokera pakhomo.

Mphwanga uja ankaganizanso kuti ntchito ya pakutali ndi ya okhala ndi laputopu basi. Ndinamulozera mayi wina amene amakhala tebulo loyandikana ndi langa masiku ambiri. Alibe kompyuta. Foni yake galasi linang'aluka pakona. Amalandira zithunzi za zitenje ndi nsapato pa WhatsApp kuchokera kwa wogulitsa wa ku Tunduma, amasankha, amakambirana mtengo m'Chiswahili, kenaka amatumiza zithunzi zomwezo kwa makasitomala ake a ku Karonga ndi Mzuzu, iwo n'kumulipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Tiyi wake asanazizire amakhala atagulitsa katundu amene sanamugwirebe ndi dzanja. Ndikayerekeza ndi zanga, ndikukayika ngati ndimamuposa pa mwezi.

Mphwangayo anamuyang'ana mayiyo, n'kuyang'ananso chithunzi chake chija. Kenaka anati ndikhale bwino andijambule, naye akaike pa Facebook kuti mkulu wake ali pantchito. Anasuntha kapu ya tiyi kuti ioneke, anachotsa chitenje chokulungira laputopu, anandiuza kuti ndivule juzi imodzi. Ndinakana kuvula. Mayi a tiyirumu anaima kumbuyo kwanga ndi ketulo m'manja, nati ngati chithunzicho chikupita kutali awajambule nawonso, ndipo alembepo kuti masikono amafika 7 koloko.