Musanapinde mpamba wanu: foni ya buku kapena ya kachikwama?

Mafoni opinda afika m'tauni, abale anga, ndipo afika ndi mitengo yoti munthu ukaimva umayamba wakhala kaye pansi. Anyamata otsatsa katundu wa ku Dubai ndi ku Johannesburg pa Facebook ndi pa WhatsApp akuwaika patsogolo ngati nyambo. M'magulu a anthu a geni komanso ophunzira a m'makoleji mkangano ndi umodzi: kodi yabwino ndi iti, yotsegula ngati buku kapena yopinda pakati ngati kachikwama ka ndalama? Ena akuti ya buku ndiye ya mabwana. Ena akuti ya kachikwama ndiye yotchena. Onsewa akuiwala kuti foni masiku ano ndi shopu, ndi banki, ndi kalasi. Ukasankha molakwika, chomwe chimapindika si foni yokha, mpamba nawo umapindika.

Tiyambe tamvana kaye kuti tikukamba za chiyani. Achikulire akukumbukira Motorola Razr ya mu 2004, ija yopyapyala yomwe munthu akamaliza kulankhula ankaitseka kuti phwa! anthu onse n'kutembenuka. Ijayo inali ndi galasi kumtunda, mabatani kumunsi, pakati hinjesi ngati ya chitseko. Zamasiku anozi n'zina. Chomwe chikupindika ndi sikirini yeniyeniyo, yomwe mumaonerapo ndi kudinapo. Amaipanga ndi timapepala ta pulasitiki ndi kagalasi kopyapyala kuposa tsitsi la munthu, n'chifukwa chake imatha kupindika osasweka.

Luso limeneli silinayambe bwino ayi. Kampani ya ku China ya Royole ndiyo idayamba kugulitsa foni yotere kumapeto kwa 2018, koma anthu sadaikonde, ndipo kampaniyo idagwa mu 2024. Samsung idalengeza Galaxy Fold mu February 2019 n'cholinga choti ifike pamsika mu April. Atolankhani omwe adapatsidwa kuti aiyese adaiona ikuwonongeka m'masiku ochepa: ena adasenda kapepala ka pamwamba poyesa kuti ndi kotetezera chabe, ena tizinyalala tidalowa ku hinjesi n'kutukumula sikirini. Kampaniyo idachita kubweza mafoniwo n'kukakonzanso, ndipo adayamba kugulitsidwa mu September pa madola 1,980 a ku America. Imeneyo ndiyo ya buku. Za kachikwama zidatsatira: Motorola idaukitsa dzina la Razr mu November 2019, ndipo Samsung idatulutsa Galaxy Z Flip mu February 2020 pa madola 1,380. Kuyambira pamenepo mitundu iwiriyi yakhala ikuyenda limodzi chaka ndi chaka.

Tsono mfundo yanga ndi iyi, ndipo muigwire bwino. Mafoni awiriwa sakupikisana pa ntchito imodzi. Ya buku imakupatsani sikirini yaikulu yoti ikwane m'thumba. Ya kachikwama imakupatsani foni wamba yomwe mukaipinda imachepa ndi theka. Wina akufuna malo ambiri ogwirirapo ntchito, wina akufuna katundu wochepa wonyamula. Kufunsa kuti yabwino ndi iti kuli ngati kufunsa ngati lole iposa njinga ya kabaza. Zimatengera muli ndi matumba a chimanga kapena mukuthamangira basi.

Tiyione ya buku. Galaxy Z Fold7 yomwe idatuluka mu July 2025, ikakhala yotseka ili ndi sikirini yakunja ya mainchesi 6.5, ngati foni ina iliyonse. Mukaitsegula mkati mumapeza ya mainchesi 8, pafupifupi tabuleti yaing'ono. Imalemera magalamu 215. Ubwino wake ndi woti mutha kutsegula mapulogalamu awiri kapena atatu nthawi imodzi. Inu amene mumaoda katundu ku Guangzhou kapena ku Kariakoo ku Dar es Salaam mukudziwa vuto lake: mbali ino wogulitsa akukutumizirani mitengo pa WhatsApp, mbali inayo mukufuna kuona kaundula wanu wa Excel, kwinaku mukuwerengetsa madola. Pa foni wamba mumangolumphalumpha, manambala n'kusokonekera. Pa ya buku zonse zimakhala pamaso panu. Wophunzira naye amene manotsi ake onse ali m'ma PDF amawerenga tsamba lathunthu osachita kukokakoka ndi zala.

Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kuti mupindule nayo ya buku muyenera kuigwira ndi manja awiri, mutakhala pansi. Mu minibasi ya ku Ndirande kapena ya ku Area 25, anthu atapanikizana anayianayi, simungaitsegule, ndipo mukaitsegula pawindo ndiye kuti mwaitana akuba. Ena amene amaigula amatha tsiku lonse akugwiritsa ntchito sikirini yakunja yokha, kutanthauza kuti adalipira sikirini ziwiri koma akudyerera imodzi. Komanso amene mumafuna kulemba ndi kapensulo kaja ka S Pen dziwani kuti Fold3 ya mu 2021 mpaka Fold6 zimalola, koma pa Fold7 Samsung idachotsa pofuna kuti foniyo ipyapyale. Wogulitsa asakunamizeni.

Nanga ya kachikwama? Galaxy Z Flip7, ya mu July 2025 momwemo, mukaitsegula ili ndi sikirini ya mainchesi 6.9. Mukaipinda imalowa m'thumba la shati kapena m'kachikwama ka amayi, ndipo kunja kuli kasikirini ka mainchesi 4.1 koonerapo mauthenga ndi nthawi. Imalemera magalamu 188. Luso lake lalikulu ndi loti mukaipinda theka imaima yokha patebulo. Amayi amene mumagulitsa zitenje, mawigi, nsapato kapena makeke pa WhatsApp ndi pa TikTok, apa ndiye pali phindu lanu: mumaiimika pa benchi, n'kudzijambula mutanyamula katundu ndi manja onse awiri, osavutitsa mwana wa aneba kuti akugwirireni foni. Ndiponso chifukwa kasikirini kakunja kali pafupi ndi makamera aakulu, mumadziona pojambula ndipo chithunzi chimatuluka chowala bwino.

Nayo ili ndi zake. Makamera akumbuyo ndi awiri, pomwe ya buku ili ndi atatu, kuphatikizapo yokokera zinthu zakutali. Mukaitsegula simupeza malo owonjezera, ndi foni wamba basi, yokhala ndi khwinya pakati. Ndipo chifukwa ntchito zambiri zimafuna sikirini yam'kati, mumaitsegula ndi kuitseka kambirimbiri pa tsiku. Munthu wa pa kauntala ya Airtel Money kapena Mpamba amene amadina foni mphindi iliyonse, hinjesi yake ingagwire ntchito ngati chitseko cha golosale. Kwa ameneyo foni yopinda ndi mtolo chabe.

Za batire mitundu yonse iwiri musaiyembekezere zodabwitsa. Fold7 ili ndi 4,400 mAh, Flip7 ili ndi 4,300 mAh. Mafoni ambiri otsika mtengo a Tecno ndi itel ali ndi 5,000 mAh. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: hinjesi imadya malo, ndiye batire amachita kuligawa pawiri, mbali iyi ndi mbali iyo. Kuno kwathu kumene magetsi amatha kuchoka m'mawa n'kubwera usiku, kusiyana kumeneku si nkhani yaing'ono. Foni ya mamiliyoni ikathima 3 koloko masana kasitomala akukufunani, imafanana ndi njerwa.

Tibwere ku ndalama tsopano. Ku America Fold7 idayamba kugulitsidwa pa madola 1,999, Flip7 pa madola 1,099. Kwacha yathu idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mu 2025 ku banki dola imodzi inali pafupifupi K1,750. Pa mtengo umenewo ya buku ndi pafupifupi K3.5 miliyoni, ya kachikwama pafupifupi K1.9 miliyoni. Koma tonse tikudziwa kuti wobweretsa mafoni madola sawapeza ku banki, amawagula kuseri pa mtengo wokwera kwambiri. Muikepo msonkho, muikepo ulendo, muikepo phindu lake. Mukamaliza kuwerengetsa mupeza kuti ndalama ya foni imodzi ya buku ndi mpamba wathunthu wa mabelo a kaunjika, kapena fizi ya mwana. Pali zotsikirapo mtengo. Tecno, ya kampani ya Transsion yomwe mafoni ake adadzaza mu Africa muno, idatulutsa Phantom V Fold ndi Phantom V Flip mu 2023, n'kutulutsanso zachiwiri zake mu 2024. Infinix nayo ili ndi Zero Flip ya mu 2024. Ndi zotchipirapo poyerekeza ndi Samsung, koma n'zodulabe kuposa foni wamba yabwino, ndipo mavuto a hinjesi ndi sikirini yofewa ndi omwewo.

Mdani wamkulu wa mafoni amenewa kuno ndi fumbi. Pa bokosi kapena pa intaneti mudzaona zilembo zoti IP ndi manambala awiri. Yoyamba imanena za fumbi, yachiwiri za madzi. Fold3 ndi Flip3 za mu 2021 zidalembedwa IPX8: madzi zimapirira, koma X ameneyo akutanthauza kuti pa fumbi palibe lonjezo. Kuyambira Fold6 ndi Flip6 za mu 2024 adalemba IP48. Anthu amaona ngati nkhani yatha, koma 4 ameneyo akungonena kuti tinthu toposa milimita imodzi sitingalowe. Fumbi la mwezi wa October ku msika wa Tsoka kapena ku Limbe ndi losalala kuposa pamenepo. Kuti foni ikhale yosalowa fumbi pamafunika 6, ndipo Google Pixel 10 Pro Fold ya mu 2025 ndiyo idafika pa IP68. Inu ogulitsa ufa, simenti, makala kapena mbewu, ganizani kawiri.

Wogulitsa adzakuuzani kuti Samsung idayesa kupinda mafoni ake maulendo 200,000, zomwe ndi zaka zisanu ngati mukupinda maulendo 100 pa tsiku, ndipo kuti sikirini ya Fold7 akuti imafika 500,000. N'zoona adatero. Koma adayesera m'chipinda choyera, makina akupinda mofatsa. Sadayesere m'thumba momwe muli mchenga, makiyi ndi timakobiri. Sikirini yam'kati ndi yofewa moti chikhadabo chikhoza kusiya chipsera. Kapepala ka pamwamba pake kakayamba kutukuka pa khwinya musakasende nokha. Ndipo ikasweka, si ya anyamata athu a pa khonde aja amene amasintha galasi la itel mukudikira. Nthawi zambiri amasintha sikirini pamodzi ndi chimango chake chonse, chipangizocho n'kuchita kuitanitsa kunja, pa mtengo woti mukanagula foni ina yatsopano. Masabata amene mukudikirawo, makasitomala anu akuimbira ndani?

Ambiri a ife tikagula foni yotere idzakhala yogwiritsidwapo kale ntchito, ndiye apa tcherani khutu, pakuti safunsa adadya phula. Itseguleni yonse muone ngati ikuwongoka bwinobwino patebulo. Ipindeni theka muone ngati ikuima yokha. Mvetserani ngati hinjesi ikukukuta. Ikani chithunzi choyera pa sikirini muyang'ane pa khwinya ngati pali kadontho kakuda kapena kamzere, chifukwa kameneko kamakula. Dinani *#06# muone ngati nambala ya IMEI ikufanana ndi ya pa bokosi, ndipo mwini wake achotse akaunti yake ya Google ndi ya Samsung inu mukuona. Funsani lisiti, funsani waranti, funsani kuti ikavuta mukaipereke kuti. Waranti ya foni yogulidwa dziko lina kawirikawiri siigwira ntchito kuno. Mukakopeka ndi za Huawei, monga Mate XT ya mu 2024 yopinda patatu, kumbukirani kuti kuchokera mu 2019 pomwe America idaika ziletso, mafoni atsopano a kampaniyi sabwera ndi Play Store ya Google.

Ndiye tigamule bwanji? Ngati ndalama zanu zimachokera m'kuwerenga ndi kulemba, makalata, makaundula, mainvoisi, ndipo mumagwira ntchito mutakhala pansi m'shopu kapena mu ofesi, ya buku ndiyo ingakubwezereni kanthu. Ngati geni yanu ndi yojambula katundu ndi kudzionetsa kwa makasitomala, ndipo mukufuna foni yosalemetsa thumba, tengani ya kachikwama, ndalama yotsalayo muwonjezere katundu. Ngati mumagwira ntchito pafumbi, kapena foni yanu ndi imodzi yomweyo yomwe muli ndalama za anthu, zisiyeni zonse ziwiri. Ndipo inu ophunzira a ku Zomba, ku MUBAS, ku Bunda ndi ku Mzuni, musatenge ndalama ya ngongole ya sukulu kukagulira hinjesi. Pa mtengo wa ya kachikwama imodzi mupeza foni wamba yolimba ndi laputopu yolembera asainimenti, zomwe foni ya buku ngakhale ikule bwanji singakuchitireni bwino.

Muyeso wake ndi wosavuta. Musanapereke ndalama, funsani mtengo wosinthira sikirini yam'kati. Ngati mungathe kuulipira mawa lomwe osakhudza mpamba kapena fizi, gulani, mutchene nayo. Ngati mwaumva mtengowo mtima n'kugunda, foniyo si yanu, bwezani pa shelefu.