Masiku Awiri ku Beira, Khomo Lathu la ku Nyanja ya Mchere

Ife amene tidabadwira kwa Lundu ndi m'madera ena a m'chigwa cha Shire madzi timawadziwa bwino. Timadziwa kupalasa bwato, timadziwa pamene pamabisala ng'ona, ndiponso timadziwa mmene mudzi umaonekera madzi osefukira akaphwa. Koma mutafunsa m'kalasi kuti ndani adaionapo nyanja ya mchere ndi maso ake, okweza manja angakhale owerengeka. Ambirife nyanjayi timangoiona pa mapu pophunzira Jogalafe. Chonsecho kwa munthu wa ku Nchalo kapena ku Nsanje, mzinda wa Beira m'dziko la Mozambique uli pafupi kuposa Mzuzu.

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tsono m'nkhani ino tifotokoza zimene munthu wa kwathu kuno angakaone ku Beira atakhala ndi masiku awiri okha. Mfundo yathu ndi imodzi: Beira si mzinda wachilendo kwa ife ayi. Wopita kumeneko akudziwa mbiri yake amakaona zinthu zokhudza moyo wa kumudzi kwake komwe, pamene wopita mosadziwa amangobwerako ndi zithunzi.

Ubale wathu ndi Beira udayamba bwanji?

Beira ndi likulu la chigawo cha Sofala, ndipo ali pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja ya India. Mumzindawu muli anthu oposa theka la miliyoni. Apwitikizi adayamba ndi kumangapo kamsasa ka asilikali mu 1887, ndipo malowo adakwezedwa kukhala mzinda mu 1907. Dzina lakuti Beira lidachokera pa udindo wa mwana wa mfumu ya ku Portugal, Luís Filipe, amene ankatchedwa Kalonga wa Beira.

Poyamba khomo lathu silidali Beira. Alendo ndi katundu ankalowera ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, n'kukwera ndi sitima za pamadzi mpaka kulowa mu Shire. Amishoni a chipani cha Montfort amene adafika m'dziko muno mu 1901 adadzera njira imeneyi. Koma mitsinje ili ndi nthawi yake: m'chilimwe madzi ankachepa ndipo sitima zinkatitimira mumchenga. N'chifukwa chake padaganiziridwa za njanji. Mu 1908 njanji idalumikiza Blantyre ndi Port Herald, kumene lero timati Nsanje. Mu 1922 njanji ina yochokera cha ku Beira idafika kutsidya la kumwera kwa Zambezi. Chidatsala ndi mtsinjewo, umene anthu ndi katundu ankaoloka pa zombo, mpaka mu 1935 pamene adatsegula mlatho wa Dona Ana pakati pa Mutarara ndi Sena. Mlathowu ndi wotalika pafupifupi makilomita 3.7. Kuyambira pamenepo thonje la m'chigwa chino, tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, fodya, kenaka shuga wa ku Nchalo, zonse zinkapita kunja kudzera ku Beira.

Njira zokafikira kumeneko

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yachidule, yotsata njanji ija. Munthu amatsika ndi msewu wa ku Bangula ndi Nsanje mpaka pa chipata cha Marka, n'kulowa mu Mozambique pa Vila Nova da Fronteira, kenaka Mutarara. Pa mlatho wa Dona Ana padadutsapo magalimoto kuyambira 1995, koma mu 2009 udabwezeredwa ku njanji, choncho apaulendo amaoloka pa kanjira ka m'mbali mwake, wapansi kapena pa njinga, n'kukapeza galimoto ina ku Sena. Kuchokera apo ulendo umadzera ku Caia. Njira imeneyi imavuta nthawi ya dzinja.

Yachiwiri ndi yozungulira koma yatala: kukwera mapiri a Thabwa kupita ku Blantyre, kutulukira ku Mwanza ndi Zóbuè, kuoloka Zambezi ku Tete, kutsika mpaka ku Chimoio ndi Inchope, kenaka kulunjika kummawa kudzera ku Dondo. Ulendowu umatha tsiku lathunthu.

Chinthu choyamba kudabwitsa mlendo wa kwathu si nyumba zazitali, koma chilankhulo. Pamodzi ndi Chipwitikizi ndi Chindau, m'misika ya Beira mumamveka Chisena. Mnyamata wa ku Nsanje angathe kutsitsa mtengo wa nsomba m'chilankhulo cha agogo ake. Izi sizidachitike mwangozi. Mabanja ambiri a m'chigwa chino adachokera kutsidya kwa malire, ena pothawa chibalo cha Apwitikizi, ena pothawa nkhondo ya Makombe ya mu 1917.

Tsiku loyamba: siteshoni, doko ndi tchalitchi

Ndi bwino kuyambira pa siteshoni ya sitima, chinyumba chachikulu chokhala ndi denga lokhota kumaso kwake, chimene chidatsegulidwa mu 1966. Apa ndi pamene njanji yodutsa ku Bangula ndi ku Nsanje inkathera. Pafupi pomwepo pali doko. Mkati mwa doko simulowa aliyense, komabe uli panja umaona zimakina zonyamulira katundu, akasinja a mafuta ndi mdipiti wa magalimoto akuluakulu, ena mwa iwo a manambala a ku Malawi. Gawo lalikulu la mafuta ndi feteleza amene timagwiritsa ntchito limalowera pamenepa.

Wophunzira aime pamenepo ndi kulingalira chimene chimachitika khomo likatsekeka. Zidachitikapo kale. Pa nkhondo yapachiweniweni ya mu Mozambique, imene idayamba mu 1977, njanji ya ku Sena idaonongedwa, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 sitima zidaleka kuyenda. Katundu wa dziko lathu adayamba kuzungulira mtunda wautali mpaka ku Durban. Mtengo wa ulendo wotalikawo udagwera munthu wamba pogula sopo, mchere ndi palafini. Kenaka mu 1997 madzi adakokolola njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo. Padapita zaka zambiri, ndipo ndi mu 2024 pamene sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira idafikanso pa Marka.

Madzulo a tsiku loyamba mlendo akaone tchalitchi chachikulu cha arkidayosizi, chotchedwa Nossa Senhora do Rosário, ndiye kuti Amayi Athu a Korona. Chidamalizidwa mu 1925, ndipo ina mwa miyala yake idatengedwa ku linga lakale la Sofala, limene Apwitikizi adayamba kumanga mu 1505 pofuna kulanda malonda a golide. Poyerekeza ndi matchalitchi a m'mizinda ina si chachikulu kwenikweni, koma abusa awiri amene adatumikirapo ndi oyenera kuwadziwa.

Woyamba ndi Ambuye Sebastião Soares de Resende, episkopi woyamba wa Beira, kuyambira 1943 mpaka imfa yawo mu 1967. Ngakhale adali Mpwitikizi, adadzudzula poyera boma la kwawo chifukwa cha chibalo ndi kukakamiza anthu kulima thonje. Wachiwiri ndi Ambuye Jaime Gonçalves, mwana wa m'chigawo cha Sofala momwemo, amene adalandira Papa John Paul II mumzindawu mu 1988. Iwowa, pamodzi ndi gulu la Sant'Egidio, adakhala amkhalapakati pa zokambirana za boma la Frelimo ndi Renamo, mpaka pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndi Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama. Makolo athu akukumbukira misasa ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu ku Nsanje, nthawi imene dziko la Malawi lidasunga anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Pangano limenelo ndilo lidatsegula njira yakuti abale athuwo abwerere kwawo.

Tsiku lachiwiri: nyanja yeniyeniyo

Mmamawa ulendo ulunjike ku Macuti, kumene kuli nsanja ya nyali yolozera njira amalinyero. Idamangidwa mu 1904, ndi yotalika mamita 28, ndipo ili ndi mizere yofiira ndi yoyera. Pafupi pake pamchenga pali zitsulo za dzimbiri, zotsalira za sitima yakale.

Apa pali zinthu ziwiri zofunika kuzifotokoza. Choyamba ndi mtundu wa madzi. Amene akuyembekeza madzi oyera ngati a ku Mangochi amakhumudwa, chifukwa nyanja ya ku Beira imaoneka yamatope ngati Shire wa mu Febuluwale. Chifukwa chake n'chakuti mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imathira dothi lambiri pamenepo. Dothi lomwelo limakwirira ngalande yodutsa sitima, mwakuti eni doko amayenera kumaikumba kawirikawiri.

Chachiwiri ndi kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja. Shire amadzaza mvula ikagwa kumtunda, ndipo amaphwa pang'onopang'ono pa miyezi ingapo. Nyanja ya mchere imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku limodzi, kaya kuli mvula kaya kulibe. Chimene chimachititsa ndi mphamvu ya mwezi, mothandizidwa ndi dzuwa, imene imakoka madzi pamene dziko likuzungulira. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, mphamvu ziwirizi zimakokera pamodzi ndipo madzi amakwera kwambiri. Ku Beira kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumatha kupitirira mamita 6. Tsiku lililonse nthawi yodzaza imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, pakuti mwezinso umachedwa kutuluka. Choncho mchenga umene wayendapo mmawa umakhala pansi pa madzi masana. Wodziwa kusambira mu Shire asadzitame kumeneko. Afunse asodzi nthawi imene madzi abwerere, paja safunsa adadya phula.

Pobwerera m'tauni mlendo adzere ku Ponta Gêa kukaona Grande Hotel. Hoteloyi idamangidwa m'zaka za m'ma 1950 kuti muzigona anthu olemera, ndipo inkatchuka kuti ndi imodzi mwa zokongola koposa mu Africa. Alendo olemerawo sadabwere mokwanira, ndipo mu 1963 idatsekedwa. Nthawi ya nkhondo mudalowa anthu othawa kumidzi, ndipo mpaka lero mukukhala mabanja ambirimbiri, mopanda zitseko ndi mawindo ake akale. Pano mpofunika ulemu. Chimene mlendo akuchiona ngati bwinja lochititsa chidwi, kwa ena ndi pakhomo pawo. Si bwino kujambula munthu osampempha, monganso ife sitikondwa alendo akamatijambula tili m'misasa ya madzi osefukira.

Namondwe mmodzi, maliro mbali zonse

Woyang'anitsitsa adzaona kuti nyumba zambiri za ku Beira zili ndi malata atsopano pa zipupa zakale. Chimenecho ndi chipsera cha namondwe wa Idai. Mbiri ya namondweyu ikusonyeza bwino ubale wathu. Kumayambiriro kwa Malichi 2019 adalowa kumtunda akadali wofooka, nagwetsa chimvula chimene chidamiza midzi ndi minda ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Kenaka adabwerera kunyanja, kumene madzi ofunda adamupatsa mphamvu, ndipo usiku wa pa 14 Malichi adaomba Beira. Anthu oposa 1,000 adafa m'maiko a Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi.

Beira adavutika kwambiri chifukwa adamangidwa pa dambo, ndipo madera ena ali mmunsi kuposa pamene nyanja imafika ikadzaza. Daviz Simango, amene adali mfumu ya mzindawu kuyambira 2003 mpaka 2021, adalimbikira zokonza ngalande ndi kutsegulanso kamtsinje ka Chiveve kamene kamadutsa pakati pa tauni. Pamathiriro pake adaikapo zitseko zimene amatseka nyanja ikamadzaza ndi kutsegula ikamaphwa, kuti madzi a mvula atuluke. M'mbali mwa kamtsinjeka muli malo opumulirako, ndipo ndi pabwino kuthera ulendo. Kwa munthu wa m'chigwa cha Shire, amene chaka ndi chaka amamva mkangano wakuti anthu asamukire kumtunda kapena akhale pa nthaka ya makolo awo, pamenepa pali phunziro la mmene anthu ena akuyesera kukhala ndi madzi amene sangawathawe.

Mawu kwa makolo ndi aphunzitsi

Ulendo wotere umafuna kukonzekera. Aliyense akhale ndi pasipoti, ndipo ana asanyamuke popanda chilolezo cha makolo. Ndalama ya kumeneko ndi metical, ndipo ndi bwino kusinthira ku banki kusiyana ndi m'misewu. Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala, kunja kukuzizira, misewu ili youma ndiponso anamondwe atapita. Udzudzu wa ku Beira suchepa mphamvu poyerekeza ndi wa ku Elephant Marsh, choncho masikito asaiwalike. Mawu awiri atatu a Chipwitikizi, monga bom dia popereka moni wa mmawa ndi obrigado pothokoza, amatsegula mitima ya eni mudzi.

Si banja lililonse lingakwanitse ulendowu, makamaka chaka chimene mbewu zapita ndi madzi. Koma pamene sukulu, parishi kapena gulu la achinyamata likusonkha ndalama za ulendo wokaona malo, ndi bwino kuganizirako za Beira pamodzi ndi Mangochi ndi Zomba. Ambiri mwa anyamata amene akuwerenga nkhani ino adzatumikira m'midzi ya m'malire, pakati pa anthu amene maliro ndi maukwati awo amachitikira mbali zonse ziwiri. Mnyamata amene adaima pa mlatho wa Dona Ana, naona doko limene limatidyetsa, namva Chisena m'mphepete mwa nyanja, adzawamvetsa bwino anthu amenewo.